Theka Lanu Lili mu Firiji

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira malemu mayi, ngakhale mtima ukufuna kungolumphira pa nkhani. Muli bwanji kumeneko? Alamu, msana uja unawaleka? Nanga ana, makamaka wamng'ono uja amene pa chithunzi chija analibe mano akutsogolo, anamera tsopano? Ife kuno tadzuka. Mlamu wanu ali bwino, ine ndili bwino mopitirira muyeso, ndipo chifukwa chake muchimva m'munsimu. Bambo ndiye ayi.

Musapinde pepalali. Ndikukudziwani. Pa foni ndikangoti "bambo" mumati netiweki yavuta, kenako zii. Netiweki yanuyo ndi yanzeru kwabasi, imadziwa mawu oti idukirepo. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala silidula munthu mawu pakamwa. Ndikulemba ndili kumalo anga ometera, masana ano kulibe makasitomala, ndasuntha makina ndi zipeso kuti ndipeze poika chigongono.

Zoti bambo anachita sitiroko mukudziwa. Ndinakuuzani, ndipo inu munati Mulungu awachiritse, basi. Zimene simukudziwa ndi zimene zinatsatira.

Mkono wamanja unafa, umangolendewera ngati mkono wa malaya pachingwe. Mwendo amaukoka, koma ndi ndodo amafika kukhitchini. Pakamwa panapotoka pang'ono, mawu amatuluka amodziamodzi, ena amathera m'njira. Mutu wokha ndiye uli bwinobwino, ndipo ndi mutuwo umene ukutipha. Makani aja sitiroko sinawakhudze n'komwe.

Atangotuluka m'chipatala anayesa kudya okha ndi dzanja lamanzere. Supuni inkanjenjemera, chakudya n'kumathera pachifuwa. Mlamu wanu, mwa mtima wake wabwino, anatenga kathaulo n'kuwamanga m'khosi. Bambo anayang'ana kathauloko, anayang'ana ife, n'kutembenukira kukhoma. Ine ndinatenga supuni kuti ndiwadyetse. Analuma mano, ndipo mawu atatuluka anali awiri okha: "Sindine khanda."

Kuyambira pamenepo supuni ndi mdani. Ankangomwa tiyi, chifukwa kapu amaigwira okha. Tinawanyengerera, tinawakalipira, anzawo ogwira nawo ntchito kale anabwera kudzawaseka kuti mwina achita manyazi, koma ayi ndithu. Munthu amene anayendetsa lole moyo wake wonse sanafune kuti mwana wake amuuze kuti yasamulani.

Achemwali, ine ndine wometa, nkhope za anthu ndimazidziwa ndi zala. Bambo ndakhala ndikuwameta chiyambire ntchitoyi. Kale masaya awo ankakankha lezala. Tsopano ndimachita kukoka khungu ndi chala chachikulu kuti lezala lipeze poyenda, apo ayi limalowa m'dzenje. Lamba wawo ndakhala ndikumuboola ndi msomali mpaka malo oboola akutha. Ndimawameta ndikuyang'ana kumbali, ndipo ndimaopa.

Ku chipatala kuli mayi wina woona za zakudya za odwala. Nditamufotokozera, sanandilalikire. Anangofunsa kuti kodi n'chiyani chimene bambo amagwira okha osagwetsa. Ndinati kapu ndi foni. Iye anati ndiye ndiwapangire chakudya chogwirika ngati foni, chofewa, chomanga thupi, cha mchere wochepa ndi mafuta ochepa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anati ndigule buledi wopyapyala wozungulira uja, wonga nsalu, amene m'masitolo amati rapu, ndizikulungamo mazira osakaniza ndi tofu ndi masamba. Mazira okhaokha ochuluka tsiku lililonse anati ayi, tofuyo ndiye awonjezere mphamvu.

Ine ndinkayesa tofu ndi mankhwala, moti ndinakamufunsa kogulitsa mankhwala, mtsikana wa pakauntala n'kundiseka mpaka kugwira mimba. Ndinakamupeza m'firiji ya m'sitolo, akusambira m'madzi m'kapaketi. Akuti amapangidwa kuchokera ku soya. Woyera, wamakona anayi, ngati sopo wochapira. Ndinabenthula n'kulawa. Achemwali, madzi a pampopi amakoma.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa chilichonse chimene munthu angalakwitse. Tofu sindinamufinye, tomato ndinathira ndi madzi ake omwe, buledi ndinamupinda ali wozizira mpaka anang'aluka, ndipo ndinadzaza ngati ndikupakira katundu wosamuka. Koma nditaika pa mbale, bambo anatambasula dzanja okha. Ananyamula, analuma kumtunda, ndipo zonse zinatulukira kunsi n'kukhuthukira pa thalauza.

Bambo anayang'ana pa miyendo pawo nthawi yaitali, kenako anati, "Katundu... wosamanga." Mukudziwa mmene ankanyadira kuti pa lole yawo sipanagwepo ngakhale thumba limodzi. Anandipatsa chibuledi chopanda kanthucho, n'kutembenukiranso kukhoma. Ndinakolopa pansi misozi ili chuchuchu, ine bambo wa ndevu zanga.

Ndinalumbira kuti kabuledi sikangandigonjetse. Ndinkadzuka m'mawa kwambiri n'kumayeserera, mlamu wanu akundiseka kuti ndasanduka namkungwi wa mazira. Tsopano ndimadziwa, ndipo ndikuuzani bwinobwino, chifukwa mukuyenera kudziwa chakudya chimene dzina lanu lalowamo.

Tofu ndimamukulunga m'kansalu koyera n'kumupsinja ndi ayironi yakale ya mayi ija, yolemera ija. Pamene ndikusambitsa bambo, madzi amakhala akutuluka. Ndikabwerako ndimamunyenya ndi zala. M'poto wokazingira ndimathira mafuta a pa supuni yaing'ono, tsabola wobiriwira wodula tizidutswa ting'onoting'ono, sipinachi wodzaza dzanja, kenako tofuyo mpaka aume pang'ono. Ndimawaza chikasu kuti aoneke ngati mazira, poti bambo akaona zoyera amakwinya mphuno. Mazira awiri omenya bwino amalowa pomaliza, pa moto wochepa, ndipo ndimaphula akadali ofewa chifukwa ouma amawatsamwitsa. Mchere ndi wotsina ndi zala ziwiri, kwinako ndimafinyira ndimu. Tomato ndimachotsa njere ndi madzi ake.

Chinsinsi chili pomanga. Buledi ayambe wafunda pa poto kuti afewe. Zam'kati zisakhale pakati penipeni koma chakumunsi, ndipo zisachuluke. Ndimapinda m'mbali muwiri, kenako kunsi, n'kukulunga mothinitsa, ndipo msoko wake ndimautsamiritsa pa poto wotentha kuti umatike. Kunsi ndimavekako pepala, kuti dzanja likanjenjemera pasagwe kanthu. Mutha kukaponya kuchokera pakhomo mpaka pabedi, sikamasuka.

Tsiku limene ndinamanga kabwino kwambiri ndinapita nako monyada. Bambo sanatembenuke n'komwe. Ndinakagwedeza pamaso pawo kuti aone kuti katundu wamangika. Anatseka maso. Tiyi wa dzulo lake anali asanamalize. Ndinaona mafupa a m'khosi mwawo.

Ndiye pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, "Idyani bambo, achemwali ndiwo andiphunzitsa pa foni. Kuntchito kwawo amapangira okalamba zomwezi."

Diso limodzi linatseguka. Anafunsa kuti, "Kondakitala?"

Dzina limenelo linali lisanatuluke pakamwa pawo chimwalirire mayi. Ndinayankha kuti eya. Ndipo ndinawonjezera mawu amene palibe anandituma. Ndinati mwanena kuti adye akhale ndi mphamvu, chifukwa mukubwera.

Ndi zimenezo achemwali. Ndinanama, ndipo ndinanamira inu.

Bambo anadzikoka n'kukhala tsonga. Anayang'ana kaphukusiko, poti ndi mmene amakatchulira, anakatembenuza uku ndi uku kuona mamangidwe, n'kugwedeza mutu kuti kali bwino. Ine ndinati zatheka. Koma m'malo moluma, analoza mpeni ndi chibwano. Anati, "Dula."

Mukukumbukira chitini chawo cha kamba chija, chobiriwira, chophwanyika pakona? Mayi ankaikamo buledi ndi chilichonse chimene chinalipo. Bambo asanadye ankayamba adula pakati ndi kampeni kawo, theka n'kubwezera m'chitini. Madzulo inu munkawadikira pachipata, n'kutambasula dzanja kuti alipire asanalowe, n'chifukwa chake anakutchani Kondakitala. Munkadya mutakhala pa bondo lawo, ndipo kanthu kakatsala munkati, "Ndakhuta bambo, malizani." Pamenepo m'pamene iwo ankadya kotsalako. Ine ndinkapatsidwa chitini kuti nditsuke. Sindikudandaula, ndikungokumbutsa mbiri.

Ndinadula. Anadya theka lonse, okha, ndi dzanja lawo, osagwetsa ngakhale kanyenyeswa. Mlamu wanu anaima pakhomo atagwira pakamwa. Theka linalo analikulunga m'pepala ndi dzanja limodzi, akuthandizira ndi chibwano, n'kutenga ndodo. Anakoka mwendo mpaka kukhitchini, anatsegula firiji, n'kuliika pa shelefu yapamwamba. Anati la mlongo wako, afika ndi njala.

Tsiku limenelo ndinavina m'bafa. Ndinaganiza kuti theka lero, mawa chonse. Sindinadziwe kuti ndadzitchera ndekha.

M'mawa uliwonse ndi chimodzimodzi. Ndimamanga, amayendera mamangidwe, amaloza mpeni, ndimadula. Amadya theka, n'kunyamula linalo kupita nalo ku firiji. Akafika amatulutsa la dzulo n'kundipatsa ine, akuti inu musadzadye zogona. Masana ndi madzulo, tiyi basi. Ndayesa kuwapangira kena madzulo, amati kaphukusi n'ka m'mawa, woyendetsa lole sadya pa njira kawiri. Ndiye munthu wamkulu chonchija akukhalira theka la kaphukusi tsiku lonse.

Theka la dzulo ndimabwera nalo kuno kuntchito, ndimadya ndili chiimire. N'chifukwa chake ndinati ndili bwino mopitirira muyeso. Makasitomala ayamba kundigwira mimba n'kumafunsa kuti bizinesi yayenda bwanji. Ndikunenepa ndi chakudya chanu, bambo akutha. Tsiku lina ndinadziona pa galasi ndikutafuna, ndinalavula.

Musaganize kuti ndangokhala. Ndinamanga tiwiri, ndinati aka n'kanu bambo, aka n'ka achemwali. Anakana. Anati Kondakitala sadya zapadera, amadya za m'chitini mwawo, ndipo anadulitsa kawo komweko. Ndinamanga kakakulu kuti theka lake likwane munthu, koma buledi anang'ambika, ndipo dzanja lawo silinathe kukagwira. Ndinayesa kudula mokondera, mbali yawo ikule. Anandiyang'ana ndi diso lija limene ankatiyang'ana nalo tikabera shuga, n'kutenga mbali yaing'onoyo. Tsiku lina ndinabisa mpeni, ndinati lero sitidula. Anakankha mbale, tsiku lonse osadya. Mawa lake ndinadula ndekha asananene.

Ndinafika powauza kuti mwaimba foni, mwati amalize chonse. Anandifunsa kuti foniyo yalira nthawi yanji iwo osaimva. Kenako anati, "Anene yekha."

Ndipo tamverani izi. Poyamba ndinkathiramo anyezi, poti mukudziwa mmene bambo amakondera anyezi. Patapita masiku angapo anandiitana kukhitchini n'kuloza anyezi ali pathabwa. Anati ndisathirenso. Ndinafunsa ngati akuwapweteka m'mimba. Anapukusa mutu, n'kulimbana ndi mawu mpaka anatuluka. Anati inu simukonda anyezi, mumachita kutola n'kuika pambali. Ine ndinali nditaiwala. Iwo, ndi mutu wa sitirokowo, sanaiwale.

Mlamu wanu akuti walira mvula walira matope. Akuti ndiwauze zoona zisanafike poipa, chifukwa galimoto ikangoima panja bambo amasiya chilichonse n'kumvetsera. Ndayesa. Ndimalowa m'chipinda mawu ndawakonza, ndimawapeza akupukuta mpando wa pafupi ndi zenera ndi dzanja lawo limodzilo, akuti mudzakhale pamenepo. Ndimangofunsa ngati akufuna tiyi, n'kutuluka.

Sabata yatha tinapita ku chipatala. Anawakweza pa sikelo, ndipo singano inatsikabe. Pang'ono kusiyana ndi kale, koma inatsika. Dokotala anati kaphukusiko n'kabwino, kakanakhala kathunthu m'mawa ndi kena madzulo bwenzi tikukamba zina. Anati tikadzabweranso kumapeto kwa mwezi uno sikelo ikadzatsikanso, adzawagoneka n'kuwaika chipaipi cha m'mphuno chodyetsera.

Bambo chipaipicho amachidziwa. Pamene anali m'chipatala, pa bedi loyandikana ndi lawo panali mkulu wina amene ankachizula, mpaka anamumanga manja ndi mabandeji. Pochokera kwa dokotala kuja, m'galimoto, anandigwira bondo mwamphamvu ndi dzanja lamanzere lija. Anati chipaipi ayi, bola mayi ako andilandire. Ndimawadziwa bambo anga. Akati ayi, ndi ayi. Amene anakana supuni sangalole chipaipi, ndipo ine sindingaime pamenepo n'kumaonerera akuwamanga dzanja limodzi limene lawatsalira.

Ndikudziwa zimene mukunena mumtima. Ndinalipo tsiku lija, foni ndinagwira ndine. Ndinamva ndi makutu anga bambo akukuuzani kuti amene sanaike mayi ake asadzaikenso iwo, ndi kuti alibe mwana kumeneko. Ndinamvanso inu mukulira, mukufotokoza kuti tchuthi anakukanizani mpaka mochedwa. Bambo analakwa. Ndikunena ine mwana wawo, amene ndimawasambitsa: analakwa kwambiri. Anali ndi chisoni, ndipo chisoni chawo chinasowa kogwera n'kugwera inu. Madzi akatayika sawoleka, ndipo sindikukupemphani kuti muwole.

Koma nanenso ndatopa, achemwali, ndipo mundilole ndinene. Inu tsiku lililonse mumadzuka n'kukadyetsa makolo a eni ake kunyumba ya okalamba kumeneko. Mumawapukuta pakamwa, mumawanyengerera, mumawadziwa amene sakonda zotentha ndi amene amabisa mapiritsi pansi pa lilime. Anu akufa ndi njala chakudya chili m'firiji. Ine ndine wometa chabe, ndaphunzira kufinya tofu ndi ayironi, ndaphunzira kunama, nanga nditaninso?

Pepani. Ndinafuna kufufuta ndime imeneyo koma ndaisiya, poti ndi zimene zili mumtima. Ntchito yanuyo ndi imene imatithandiza tonse, ndipo sindikuinyoza.

Tsopano ndikuuzeni za lero m'mawa, chifukwa ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Bambo anadzuka ine ndisanadzuke. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atatulutsa malaya awo oyera a kolala aja. Anati ndiwamete bwino, osati mothamanga ngati masiku onse. Sindikudziwa chimene chinawauza kuti ndi lero. Mwina analota. Ndinawaveka malayawo, ndinamanga batani la pakhosi, ndipo pakati pa kolala ndi khosi panalowa zala zanga zitatu.

Ndinawakhazika patsogolo pa galasi, ndinapaka thovu, n'kuyamba. Ndinameta tsaya lamanzere, ndinameta lamanja lofooka lija pang'onopang'ono. Nditafika pansi pa chibwano ndinaona kuti akundiyang'ana pa galasi. Sankadziyang'ana okha ayi, ankayang'ana ine.

Anafunsa kuti, "Akubweradi?"

Lezala linali pakhosi pawo. Ndinalichotsa. Ndinati inde bambo, akubwera.

Thovu linali likuuma pa chibwano. Kenako anayankhula, ndipo chidwalire sanayankhulepo momveka chonchi. Anati, "Ngati ukunama... usandiuze."

Ndinamaliza kumeta osaona bwinobwino. Ndinapita kukhitchini, ndinamanga kaphukusi, ndinadula. Theka lawo analuma kawiri n'kulisiya. Koma lanu analikulunga bwino monga masiku onse, anakoka mwendo mpaka ku firiji, ndi malaya oyerawo, n'kuliika. Pamene ndimachoka anali atakhala moyang'ana chipata.

Akudziwa, achemwali. Kapena atsala pang'ono kudziwa. Ndipo tsiku limene adzatsimikize, ngakhale theka lija sadzadyanso. Bodza langa lawasunga mpaka pano, koma latha mphamvu, ndipo ine ndilibe lina.

Ndiye ndagwada. Bwerani. Sindikuti mudzakhale mwezi, sindikuti mudzakambe za maliro a mayi, sindikuti mudzawakhululukire pamaso pa anthu. Zimenezo ndi za inu ndi Mulungu wanu. Mungodzakhala pa mpando apukuta uja, mudzatsegule pepala, mudzalume kawiri katatu. Chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo bambo anuwa atsala mafupa okhaokha.

Ngati kubwera mwezi usanathe n'kosatheka, ngati akukanizaninso tchuthi, ine ndimvetsa, ndipo ulendo uno ndidzaima pakati kuti pasatuluke mawu oipa. Koma imbani foni. Imbani m'mawa, nthawi ya kadzutsa, ine ndidzaiika patebulo pafupi ndi mbale. Musavutike ndi kufunafuna mawu. Akufunika ndi atatu okha, ndipo mumawadziwa kuyambira muli pa bondo lawo: "Ndakhuta bambo, malizani." Kwa ine akana kuwamva. Akudikira mwini wake.

Mukafuna kundikalipira chifukwa chogwiritsa ntchito dzina lanu, ndikalipireni, ndalakwa ndipo khutu ndatchera. Koma yambani mwawadyetsa, ine mudzandimalize pambuyo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti makina ometera anandipatsa aja akugwirabe ntchito. Ana muwafungatire m'malo mwanga, muwauze kuti amalume awo tsopano ndi katswiri wa mazira ndipo akadzabwera adzaona okha. Mlamu wanu akupereka moni wambiri, akuti zofunda za m'chipinda chanu chakale wachapa kale, poti bambo anamulamula. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo akufewetsereni mtima pamene mukuwerenga.

Kasitomala walowa, ndilekere pano. Theka la lero lili pa shelefu yapamwamba, kuseri kwa mkaka. Mulibe anyezi.

Ndine mlongo wanu,
wotsuka chitini uja.